Cha M'ma 1983

Chikhomo choyamba anachikhoma pakati penipeni pa chinangwa cha Evelina. Chachiwiri anachikhoma pafupi ndi thandala loanikapo usipa. Pamene Evelina ankatulukira kuchokera kumadzi, ndowa ili pamutu, amuna awiri aganyu anali akukoka chingwe kudutsa pakhomo pa nyumba yake ngati akuyeza manda.

Mlamu wake Cyril anaima patsinde pa mlambe atavala chipewa chake cha ku Bulawayo, foni ili m'manja.

"Alamu, mwataya chiyani pakhomo panga?"

"Pakhomo pa ndani?" Cyril sanamuyang'ane n'komwe. "Malo ano ndi a bambo anga a Laban. Anasiyira mkulu wanga Jeremiah, ndipo Jeremiah wafa wopanda mwana. Abwerere kwa eni ake basi."

Panali patangotha miyezi inayi chimuikireni Jeremiah. Evelina anatula ndowa pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho.

"Wopanda mwana. Nanga Dean ndi mbuzi?"

"Bwerani muone nokha."

Ntchito ya Sibongile, mwana wamkazi wa Cyril, inali yodziwika pachilumba chonse. Anaphunzira za makompyuta, ndipo anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzalemba mtundu wonse wa a Laban: obadwa, akufa, opita ku Joni, osabwerako. Anayenda Khuyu, Yofu ndi Chipyela kufunsa nkhalamba ndi kujambula mabuku a ubatizo, n'kumaika zonse m'pulogalamu imene anaipanga yekha. Evelina naye anamulandira tsiku lina, anamuwotchera utaka, anamuyankha mafunso onse.

Tsopano pafoni ya Cyril panali dzina la Dean m'kabokosi kofiira ngati nyama.

Cyril anawerenga mokweza kuti aganyu aja amve. "Jeremiah ananyamuka kupita ku Joni pa 1 Januwale 1983. Anabwerako 1985. Dean anabadwa pa 20 Disembala 1983. Werengani zala, alamu, poti sukulu munalekezera sitandade faifi. Miyezi khumi ndi umodzi ndi masabata ake pamwamba. Inali mimba ya njovu? Makina sanama. Alemba okha apa kuti bambo ameneyu n'zosatheka."

Mmodzi wa aganyu aja anaseka.

"Ndatumiza kale pagulu la banja," anatero Cyril. "A ku Joni aona, a ku Harare aona. Zaka makumi anayi mkulu wanga akudyetsa mwana wa hule."

Nkhafi ya Jeremiah inali chitsamire pakhoma pomwe anaisiya mwiniwake. Evelina sanaganize kanthu. Anaitola n'kumumenya nayo Cyril pamutu, chipewa cha ku Bulawayo chikuuluka ngati khwangwala. Cyril anagwa chagada, chipumi chitang'ambika, magazi akutsikira m'diso. Evelina anakwezanso nkhafi ija. Waganyu woseka uja anamugwira kumbuyo n'kumuponya pansi, ndipo pansi pa ku Khuyu ndi miyala yokhayokha. M'kamwa munadzaza mchere. Analavula, dzino linagwera pafumbi.

Amayi oyandikana nawo anakuwa. Dean, amene ankasoka khoka la chilimira kugombe, anakwera chitunda akuthamanga, chikwanje chili m'manja. Anali bambo wa ana atatu, wamapewa ngati chitseko. Anamuwomba waganyu uja ndi mbali ya chikwanje pamsana mpaka anakodza, n'kuthawa chokwawa. Mnzake anali atathawa kale, nyundo ataisiya. Dean anaima pamwamba pa Cyril.

"Bambo aang'ono, mwakhetsa magazi a mayi anga?"

Cyril anakweza foni. "Usanandiphe, werenga."

Dean anawerenga. Anawerenganso. Chikwanje chinatsika chokha mpaka nsonga inakhudza pansi.

"Amayi, bambo anapita liti ku Joni?"

"Cha m'ma 83."

"Mwezi wanji?"

"Nyengo ya Pasaka. Itangodutsa, kaya isanafike. Cha pamenepo."

"Tsiku lanji?"

"Kodi ine ndinkagona ndi kalendala?"

"Apa pali tsiku, amayi." Mawu ake anali otsika kwambiri. "Inu mulibe tsiku."

Evelina anamumenya khofi limene linamveka mpaka kugombe. Dean sanagwire tsaya. Anatembenuka n'kutsetsereka kumadzi kumene kunali boti lake lamatabwa, limene pambali pake analembapo yekha ndi utoto wabuluu kuti MWANA WA JEREMIAH. Posakhalitsa kunamveka kho! kho! kho! Zibanthu zabuluu zinkathothokera pamchenga. Anasema dzina lonse la bambo ake, chilembo ndi chilembo. Panangotsala MWANA WA.

Dzino lija silinamupweteke Evelina ngati phokoso limenelo.

Anatola nkhafi nauyamba wa ku Chipyela, dzuwa lili paliwombo, magazi akuumira pachibwano. Amene anakumana naye m'njira anapatukira m'tchire osapereka moni. Sibongile ankagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msika. Evelina anakankha chitseko ndi phazi n'kumenyetsa nkhafi patebulo. Kapu ya tiyi inagwa, inasweka.

"Ndi iti yandinena uhule? Iyi?"

Sibongile anadzigwetsa pa laputopu yake n'kuikumbatira. Maso ake anali otupa kale.

"Amayi aakulu, mumenye ine. Makinawa sadziwa kanthu. Wanama ndine."

"Dzuka. Tsiku lija udadya utaka wanga ndinakuuza kuti chiyani?"

"Munati a Jeremiah anapita cha m'ma 83, nyengo ya Pasaka."

"Nanga Januwaleyo wachokera m'mimba mwa ndani?"

Sibongile anadzuka pang'onopang'ono, diso lili pankhafi. Anatembenuza laputopu ija. "Onani apa. Kabokosi aka n'kolembamo tsiku. Kamafuna zinthu zitatu: tsiku, mwezi, chaka. Mawu oti *cha m'ma* sikawadziwa. Mukakapatsa chaka chokha kamakana. Ndiye ndinakauza kuti kakalandira chaka chokha kazidzazira kokha 1 Januwale. Ndimati ndidzakonza pambuyo. Kenako ndinaikanso lamulo lina, loti ngati bambo anachoka kapena kufa miyezi yoposa khumi mwana asanabadwe, dzina la mwanayo lizifiira. Ndimafuna lizindigwirira zolakwa zanga polemba."

"Ndiye mawu anga unataya, n'kusunga a kabokosi."

"Eya."

"Alipo angati amene unawachita zimenezi?"

Sibongile anadinadina. Maina anatsika ngati mvula, mazana awiri ndi mphambu zake. Evelina anasuzumira n'kumawerenga ndi chala, monga anaphunzirira. Wabadwa pa 1 Januwale. Wakwatiwa pa 1 Januwale. Wamwalira pa 1 Januwale.

"Kodi kwanuku ndinu nkhungu, tizilombo ta panyanja tija? Kubadwa tsiku limodzi, kufa tsiku limodzi?"

Sibongile anaseka mosafuna, kenako analira. "Ndikonza pompano, amayi. Ingondiuzani tsiku lililonse. Tinene kuti 4 Epulo. Ndilemba, kufiirako kuchoka, nditumiza pagulu. Palibe adzadziwe."

4 Epulo. Kwa Evelina linkamveka bwino tsikulo, lolimba ngati mwala woti ukauika m'manja mwa Dean angaugwire. *Inu mulibe tsiku.* Akadangogwedeza mutu akadakhala nalo.

Anayesa kukumbukira. Ankaona kamtanda ka kanjedza m'thumba la malaya a Jeremiah, kadakali kobiriwira. Ankaona sutikesi yomanga ndi chingwe cha khoka, ndi sitima itaima patali, ndi bwato limene linamutenga. Koma kaya linali Lachiwiri, kaya sabata yotsatira, kaya inzake ija sitima itachedwa, zimenezo zinapita ndi madzi kalekale. Mtsikana wa zaka makumi awiri akamaperekeza mwamuna sayang'ana kalendala.

"Bodza lako lija lili ndi tsiku," anatero. "Ukufuna langa nalonso likhale ndi tsiku? Mawa wina adzatulutsa pepala la ku mgodi lonena zina, ndiye ndidzakhala hule komanso wabodza. Lemba zomwe ndikudziwa."

"Makinawa amafuna..."

"Makinawo anakubala ndi iwo, kapena unawabala ndiwe? Tamvera. Lamulungu la Kanjedza anali nane m'tchalitchi, anandiponda ndi phazi poyimba. Mwera usanayambe kuomba anali atapita. Kodi bambo ako sanakutengerepo kukakoka khoka? Nsomba suidziwa pomwe ili. Umaponya chingwe uku, chingwe uku, nsombayo ili pakati. Lemba choncho."

Sibongile anakoka mpando. "Malire awiri," ananong'ona. "Tsiku loyambirira limene zikadatheka, ndi lomalizira. Kabokosi kachitatu ka mawu enieni a munthuyo, ndi dzina la wonenayo. Lizifiira pokhapokha ngati pakati ponsepo palibe tsiku ndi limodzi lomwe lotheka." Zala zake zinayamba kuthamanga. Anafufuza Lamulungu la Kanjedza la chaka chimenecho, napeza kuti linali pa 27 Malichi. Anawerengera mpaka pa 20 Disembala. "Miyezi isanu ndi inayi, amayi. Kungoperewera sabata."

"Ukundiuza ine? Ndinainyamula ndine."

Evelina anakhala pabenchi, nkhafi ili pamiyendo, akuyang'ana maina aja. Ndi pamene diso lake linakodwa. Pakati pa ma Januwale onsewo, pamwamba penipeni, panali dzina la a Laban, apongozi ake aamuna amene sanawaonepo. Pambali pake panalembedwa kuti anamwalira pa 31 Disembala 1958.

"Taima. A Laban anamira ndi mwera, ndi mwana yemwe amadziwa. Mwera wa Disembala unauonapo iwe?"

Zala za Sibongile zinaima.

"Ndikufunsa."

"Dzina la bambo anga nalonso linafiira," anatero Sibongile, akuyang'ana pansi. "Nkhalamba zinati agogo anamira cha m'ma 58. Makina anawamiza pa 1 Januwale. Bambo anabadwa kumapeto kwa Novembala. Ataona anakalipa, anati ndisunthe tsikulo msanga wina asanaone. Ndinawafotokozera zonse, za Januwale, za kabokosi. Anamvetsa. Kenako anafunsa kuti ena ofiira ndi ndani."

Evelina anaimirira. M'chifuwa mwake munatentha chinthu chokoma kuposa uchi. Ankadziwa galu ameneyo! Ankadziwa kuti makina amanama, n'kubwera nawo pakhomo pa wamasiye ndi zikhomo.

"Bwezera mmene zinalili."

"Amayi aakulu..."

Nkhafi inagwera patebulo, chala chimodzi kuchokera pa laputopu. Thabwa linang'aluka. "Bwezera! Ujambule, unditumizire. A ku Joni aone, a ku Harare aone."

Sibongile anabwezera. Dzina la Cyril linafiira. Foni ya Evelina inalira m'chitenje, chithunzi chitafika. Anaitulutsa n'kuyang'ana, akumwetulira ndi m'kamwa mwa magazi.

Pamwamba pa kabokosi kofiirako panali kamzere kokwera, ndipo kamzereko kankathera pa dzina la mayi wake wa Cyril. Eliness.

Kumwetulira kuja kunauma.

A Eliness, apongozi ake aakazi, ndi amene anamugwira Evelina m'chiuno tsiku lobadwa Dean, mvula ikugwa, njira ya kuchipatala itasanduka mtsinje. Ndi amene anadula mchombo. Ananyamula khandalo n'kuliyang'ana pakuwala kwa pakhomo, n'kunena kuti, "Mphuno yoipayi ndi ya Jeremiah, pepa mwana wanga." Zaka ziwiri zonse mwamuna ali ku Joni, a Eliness ankagona pakhomo pa chipinda chake, osati kumulonda, koma kuti pakamwa pa anthu pasapeze polowera. "Ine a Laban anandisiya ndi mimba ya miyezi inayi," ankatero. "Ndikudziwa mmene anthu amawerengera zala."

Khoswe anali atakhala pamkhate. Kuti amuphe Cyril, mwala unayenera kuswa a Eliness, mayi wogona m'manda amene sakadatha kutola nkhafi n'kudziyankhira.

Evelina anatukwana mawu amene sitingawalembe pano. Anabweza foni m'chitenje.

"Konza zonse. Kuyambira pa agogo ako. Ulembe kuti anamira nyengo ya mwera, ananena ndi a Eliness, anamva ndi Evelina. Mawa ubwere ku Khuyu ndi chimakina chakocho."

M'mawa mwake Cyril anabweranso, mutu utakulungidwa bandeji, ali ndi abale anayi oti adzaone chilonda ndi kumva mlandu. Anthu a m'mudzi anadzaza pamiyala. Dean anakhala patali, pafupi ndi njira ya kugombe, osayang'ana aliyense.

Evelina sanadikire kuti wina atsegule nkhani. Anapita molunjika, anamugwira Cyril pakolala n'kumukokera kuseri kwa mlambe. Abale anadzuka, koma anawaloza ndi nkhafi, ndipo anakhalanso. Kuseriko anamukanikiza pamtengo, chigongono chili pakhosi, n'kumuika foni pamphuno.

"Ona. Dzina lako ilo. La amayi ako ilo."

Diso la Cyril losatupalo linatong'oka. Anayesa kulanda foni, Evelina anakanikiza chigongono mpaka anatsokomola.

"Ndikadakhala iwe ndikadatumiza dzulo. Chala changa chinali pomwepo. Sunapulumuke chifukwa cha nkhope yakoyi, wapulumuka chifukwa cha mayi amene unalibe naye manyazi. Tsopano upite ukazule zikhomo zako ndi manja ako, anthu akuona. Ukatero ulembe pagulu paja kuti unanama. Osati makina. Iwe."

"Alamu, tikambirane..."

"Takambirana kale."

Anamusiya. Cyril anatuluka akusisita pakhosi. Anawerama pa chikhomo cha m'chinangwa n'kuyamba kuchigwedeza. Aganyu aja anachikhoma mwamphamvu. Palibe anamuthandiza. Abale ankangoyang'anana, osadziwa chimene chanenedwa kuseri kwa mlambe, ndipo sanadzachidziwe.

Sibongile anatenga laputopu n'kupita pomwe anakhala Dean. Anagwada. "Achimwene, ndinalakwa ndine. Tsiku lija la Januwale palibe munthu analinena. Ndinalipeka ndi makina anga. Onani tsopano."

Kufiira kuja kunali kutachoka. Pamene panali tsiku limodzi panalembedwa kuti: *Pakati pa 27 Malichi ndi kumapeto kwa Meyi, 1983. "Lamulungu la Kanjedza anali nane m'tchalitchi. Mwera usanayambe anali atapita." Ananena ndi Evelina.*

Dean anawerenga kawiri, monga anachitira dzulo lake.

"Tsiku lenilenilo palibe?"

"Palibe," anayankha Evelina, amene anali ataima kumbuyo kwawo. "Ndipo silidzapezeka. Amene ankalidziwa mwina ndi bambo ako, ndipo tinawaika. Chatsala ndi mawu anga. Dzulo unaika mawu anga uku, kabokosi uku, n'kusankha kabokosi. Lero usankhenso. Ine sindikupempha."

Dean anatsegula pakamwa, koma mayi ake anali atatembenuka kale. Anatsamiritsa nkhafi pakhoma pamalo pake, natenga khasu kukakwirira dzenje limene chikhomo chinasiya m'chinangwa. Sanalire. Lilime lake linkangopita lokha pamene panali dzino.

Dzuwa litakwera anamva phokoso kugombe. Silinali la chikwanje. Linali lofewa, lokwecha, la munthu wopala thabwa. Evelina anapitiriza kulima mpaka anamaliza mzere. Kenako anatenga ndowa n'kutsetsereka, poti madzi m'nyumba anali atatha ndithu.

Dean anali atagwada pambali pa boti, kachitini ka utoto kali pamchenga. Mabala a chikwanje anali akuya, osatheka kuwapala onse. Utoto unkalowa m'mabalamo n'kumayenderera, moti J anatuluka wopindika, E ngati wothyoka mwendo. Sanadzutse mutu pamene mayi ake ankadutsa.

"Amayi," anatero, akuyang'ana thabwa. "Akuti anakupondani phazi poyimba?"

"Ankaponda aliyense. Mapazi ngati nkhafi." Evelina anamiza ndowa m'madzi. "Ngati akowo."

Anasenza ndowa n'kukwera chitunda osacheuka. Kumbuyo kwake burashi inkayenda pang'onopang'ono pamwamba pa mabala, ikulemba R.